Momwe mungaphunzitsire ana aang'ono khalidwe ndi chilankhulo pogwiritsa ntchito nthano za ku Madura

Pamene ndinali pa maphunziro ku Surabaya, m'dziko la Indonesia, ndinkawoloka mlatho wa Suramadu Loweruka lililonse kupita ku chilumba cha Madura kukathandiza mphunzitsi wa sukulu ya mkaka m'mudzi wina wa m'boma la Bangkalan. Mlathowu ndi wotalika makilomita oposa asanu, unatsegulidwa mu 2009, ndipo kuyambira 2018 anthu amawoloka osalipira kanthu. Ntchito yathu inali yofotokozera nthano ana a zaka zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi m'Chimadura, chifukwa ambiri mwa iwo anali atayamba kuyankha makolo awo m'Chiindoneziya chimene amamva pa wailesi ya kanema ndi pa foni.

Yambani ndi kusankha nthano, ndipo musankhe imodzi yokha ya mwezi wonse. Chilumbachi chili ndi maboma anayi, Bangkalan, Sampang, Pamekasan ndi Sumenep, ndipo lililonse lili ndi nthano zake, koma si zonse zoyenera ana. Nthano ya Ke' Lesap, imene anthu amati ndiyo gwero la dzina la Bangkalan, imathera pa imfa, ndipo ya Bangsacara ndi Ragapadmi ndi ya chikondi cha akuluakulu chimenenso chimathera kumanda. Ife tinasankha ya Joko Tole wa ku Sumenep, mwana wotayidwa m'nkhalango amene ankayamwa njati yoweta yoyera mpaka anatoledwa ndi mmisiri wosula zitsulo dzina lake Empu Kelleng. Mwanayu atakula anatsatira bambo ake omulerawo ku ufumu wa Majapahit kukawathandiza kumanga chipata cha mfumu chimene amisiri ena chinawakanika. Muli mwana wotayidwa, muli nyama, muli ulendo, mulinso hatchi yamapiko yotchedwa Megaremeng, zimene zimakwanira kukhazika ana pansi.

Musadalire mabuku ogulitsidwa m'mbali mwa msewu. Ine ndinagula atatu kwa wogulitsa wina ku Surabaya amene anandilumbirira kuti ndi a Chimadura, koma nditawatsegula kunyumba ndinapeza kuti onse ndi a Chiindoneziya, ndipo limodzi linali lojambulidwa pa makina a fotokope, masamba ena atasowa pakati. Ndalama imeneyo ndikanagulira shuga ndi khofi wa agogo amene pambuyo pake anatifotokozera nthano yonse pakhonde pawo, ife tikujambula mawu pa foni. Njira yachidule ndi imeneyo: pezani munthu wachikulire, mupemphe mwaulemu, mujambule, kenako mufupikitse nthanoyo kuti ithe mu mphindi zosapitirira khumi.

Gawo lotsatira ndi limene linandichititsa manyazi, ndipo ndi pamene pagona ntchito yonse. Chimadura chili ndi milingo itatu ya kalankhulidwe, imene mayina ake amachokera ku mawu otanthauza "ayi" ndi "inde". Mulingo wa enja'-iya ndi wa anthu ofanana misinkhu kapena wa wamkulu polankhula ndi mwana, wa engghi-enten ndi wapakati, ndipo wa engghi-bhunten ndi wolankhulira makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a chipembedzo. Kwathu timasiyanitsa "iwe" ndi "inu", koma kumeneko ngakhale mawu akuti "ine" amasintha: munthu amati sengko' kwa mnzake, koma kaula kwa wamkulu, monganso ba'na, ndiko kuti "iwe", asinthira kukhala sampeyan kapena panjhenengan. Chimadura changa ndinachitola kumsika ndi m'mabasi, choncho pokonza mawu a Joko Tole ndinamulankhulitsa kwa Empu Kelleng m'mulingo wapansi kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Tsiku limene ndinafotokozera ana nthanoyo aphunzitsi anali atapita ku maliro, ndipo panalibe wondiwongola.

Ana anaikonda nthanoyo, anailoweza, ndipo anapita nayo kunyumba. Loweruka lotsatira kunabwera mayi wina amene mwana wake anaimirira pamaso pa agogo ake aamuna ndi kuwatchula ba'na, akumati ndi mmene Joko Tole amalankhulira ndi bambo ake. Mayiyo sanakweze mawu, anangofunsa aphunzitsi ngati sukuluyo yayamba kuphunzitsa mwano. Anthu a ku Madura ali ndi mawu akuti bhuppa' bhabhu' ghuru rato, osonyeza ndondomeko ya oyenera ulemu: bambo, mayi, mphunzitsi, ndi wolamulira. Ine ndinali nditafotokoza nthano yonena za kulemekeza kholo m'chilankhulo chonyoza khololo, ndipo ana anatenga mawuwo osati phunzirolo, pakuti mwana wa zaka zisanu amabwereza chimene wamva, osati chimene mumafuna kunena.

Choncho musanaime pamaso pa ana, lembani pa pepala mawu onse amene anthu a m'nthano amalankhulana, ndipo pambali pa chiganizo chilichonse mulembe wolankhula ndi wolankhulidwa. Pepalalo mulipereke kwa munthu wobadwira komweko kuti aliwerenge mokweza. Ife tinakonza kuti Empu Kelleng azilankhula m'mulingo wapansi, Joko Tole azimuyankha m'mulingo wapamwamba, ndipo Joko Tole yemweyo akamalankhula ndi hatchi yake azibwerera pansi, kuti ana amve kusinthako m'kamwa mwa munthu mmodzi. Zinatitengera masabata atatu kuti sengko' wa tsiku loyamba lija achoke m'makutu mwawo. Samalaninso ndi kusiyana kwa malankhulidwe a maboma, chifukwa Chimadura cha ku Sumenep chimene ambiri amati ndicho chosalala sichifanana m'zonse ndi cha ku Bangkalan, ndipo ana ayenera kumva cha kwawo.

Pofotokoza, khalani pansi pamodzi ndi ana ndipo muwapatse mawu oti aziyankha, monga ife tichitira ndi "tili tonse". Ife tinkawauza kuti Empu Kelleng akaitana, onse aziyankha engghi, ndiko kuti "inde" waulemu, m'malo mwa Joko Tole. Zidole musagule, za m'sitolo ndi zodula ndipo nkhope zake si za kumeneko, pamene katoni, timitengo ndi zidutswa za nsalu ya batik zochokera kwa telala zimakwanira. Mukamaliza musalalikire. Funsani chifukwa chimene Joko Tole anatsatira bambo ake ulendo wautali chotero, ndipo mulandire yankho lililonse limene labwera m'Chimadura.

Sabata yachiwiri ana afotokoze okha motsatira zithunzi, yachitatu achite sewero, yachinayi muitane makolo. Lembani mawu atsopano asanu pa sabata ndi kuwatumiza kunyumba. Ngati pali ndalama ya galimoto, manda a Aer Mata Ebu ku Arosbaya ali m'boma lomwelo la Bangkalan, ndipo nthano ya mfumukazi imene inalira pamenepo ingakhale ya mwezi wotsatira.