Mmene mungakonzere pulogalamu ya pa wailesi yokumbukira mbiri ya nyimbo m'mwezi wa February

Woulutsa mawu amene wapatsidwa ola limodzi pa sabata pa wailesi ya m'dera, kaya ndi ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke, angathe kudzaza mwezi wonse wa February ndi mbiri ya nyimbo, chifukwa mwezi umenewu, ngakhale uli waufupi, munachitika zambiri. Chimene chimagwetsa mapulogalamu otere ndi kungowerenga mndandanda wa masiku ndi mayina, womvera n'kutembenuza wailesi yake. Sankhani nkhani ziwiri kapena zitatu pa sabata, ndipo muzifotokoze mpaka munthu wa ku Kapata kapena wa ku Mtenguleni aone pamene zikumukhudza.

Lembani masiku onse mwezi usanayambe, ndipo lililonse mulitsimikizire m'malo awiri osiyana, popeza pa Facebook ndi pa WhatsApp pamayenda masiku olakwika ambiri. Tsiku lojambula nyimbo, tsiku loitulutsa ndi tsiku lolandira mphoto ndi masiku atatu osiyana, choncho nenani momveka kuti mukukumbukira liti.

Sabata yoyamba ili ndi nkhani zoposa zimene ola limodzi lingasenze. Pa 3 February 1959 ndege yaing'ono inagwa pafupi ndi Clear Lake ku Iowa, m'dziko la America, ndipo munafera oimba atatu, Buddy Holly wa zaka 22, Ritchie Valens wa zaka 17 ndi J. P. Richardson, pamodzi ndi woyendetsa ndegeyo. Nkhaniyi ipatseni mphindi zochepa, pakuti omvera athu ambiri sawadziwa anthuwa. Nthawi yaikulu isungireni Bob Marley, amene anabadwa pa 6 February 1945 ku Nine Mile m'dziko la Jamaica, chifukwa nyimbo zake zimamveka m'maminibasi ndi m'misika yathu mpaka lero. Mukamanena zoti anaimba pa chikondwerero cha ufulu wa Zimbabwe, tchulani kuti unali mwezi wa April 1980, kuti wina asaganize kuti nazonso ndi za February.

Gulu la The Beatles la ku Liverpool, m'dziko la England, linafika ku New York pa 7 February 1964, ndipo pa 9 February linaimba pa pulogalamu ya kanema ya Ed Sullivan, imene anthu pafupifupi 73 miliyoni anaionera. Musaiulutse ngati nkhani ya azungu okha. Kumbutsani omvera kuti ndi chaka chomwecho Zambia inalandira ufulu, ndi kuti anyamata a ku Migodi ndi ku Lusaka amene anakula akumva magitala otere ndiwo anadzapanga Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia, m'zaka za m'ma 1970, kudzera m'magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family. Mukaika nyimbo ya ku Liverpool, itsatizeni ndi ya ku Kitwe, womvera adzimvere yekha chibale chake.

M'kuona kwanga, mtima wa pulogalamu yonse uli m'sabata yachiwiri. Tsiku la 11 February linatenga oimba awiri: Whitney Houston mu 2012 ali ndi zaka 48, ndi Joseph Shabalala, amene anayambitsa gulu la Ladysmith Black Mambazo la ku South Africa, mu 2020. Ambiri amathamangira woyambayo, koma kwa ife wachiwiriyu ndiye wapafupi. Gulu lake linali pa bwalo la Rufaro ku Harare mu February 1987, pamene Paul Simon, woimba wa ku America, anaimba nyimbo za m'chimbale chake cha Graceland pamodzi ndi Miriam Makeba ndi Hugh Masekela, omwe pa nthawiyo anali othawa kwawo ku South Africa chifukwa cha ulamuliro wa tsankho. Pa 24 February chaka chomwecho chimbalecho chinalandira mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana pa chaka. Musabise mkangano umene unalipo: ena anadzudzula Simon kuti pokajambula ku Johannesburg anaphwanya mgwirizano wa mayiko wosala South Africa, pamene ena anati anatsegulira oimba akuda khomo la dziko lonse. Fotokozani mbali zonse ziwiri, kenako mutsegule lamya kuti akuluakulu amene amakumbukira nthawi ya a Kaunda anenepo maganizo awo. Ndipo popeza 13 February ndi tsiku lokumbukira wailesi pa dziko lonse, mungawafunsenso nyimbo imene anayamba kuimva pa wailesi ya m'nyumba mwawo.

Sabata yachitatu ikhale ya Fela Kuti wa ku Nigeria. Pa 18 February 1977, patangopita masiku ochepa chitsekereni chikondwerero cha zaluso ndi chikhalidwe cha anthu akuda chotchedwa FESTAC ku Lagos, asilikali pafupifupi 1,000 anathira nkhondo pa malo ake otchedwa Kalakuta Republic ndi kuwatentha, atakwiya ndi chimbale chake cha Zombie chimene chinkawanyoza. Mayi ake, Funmilayo Ransome-Kuti, anaponyedwa pa windo ndipo anamwalira chaka chotsatira. Nkhaniyi ndi yolemera, choncho inenedwe modekha. Dziwaninso kuti nyimbo zambiri za Fela zimapitirira mphindi khumi, ndiye sankhiranitu gawo limene mudzaike.

Za mphoto musachedwepo. Nenani kuti Michael Jackson analandira mphoto za Grammy zisanu ndi zitatu usiku umodzi pa 28 February 1984, ndi kuti Tyla wa ku South Africa, pa 4 February 2024, anakhala woyamba kupambana m'gawo latsopano la nyimbo za ku Africa. Achinyamata adzakondwa, ndipo n'zokwanira.

Mwezi muutsekere kwathu kuno. Mwambo wa Nc'wala umachitika Loweruka lomaliza la February ku Mtenguleni, pamaso pa Inkosi ya Makosi Mpezeni, ndipo Angoni amene amavina ingoma pamenepo ndi zidzukulu za anthu amene anachokera kum'mwera, dera lomwelo la Shabalala, n'kuwoloka Zambezi mu 1835. Pitani ndi chojambulira mawu, pemphani chilolezo kwa akuluakulu a gulu musanajambule, ndipo lembani dzina la mudzi wawo kuti mudzawatchule bwino. Mukaika ingoma imeneyo pafupi ndi nyimbo ya Ladysmith Black Mambazo, wotsogolera akuyamba ndi gulu likuvomera, simudzafunika kufotokoza zambiri.

Nyimbo zonse zikhale pa kompyuta ya mu situdiyo tsiku lisanafike, chifukwa nthawi ya mvula magetsi ndi intaneti sizidalirika, ndipo lembani dzina la nyimbo iliyonse ndi mwini wake monga mmene bungwe la ZAMCOPS, loteteza ufulu wa eni nyimbo m'Zambia, limafunira, kuti eni ake alandire gawo lawo.