Bulaketi ya mota inkang'aluka powotcherera: mmene ndinaikonzera

Mng'alu unkayambira kumtunda kwa mzere wowotcherera. Amene anaipanga anangowerengera kulemera, 12 kN (pafupifupi makilogalamu 1,200), n'kuiwala kuti mota yakhala 150 mm kuchoka pamzati pomwe bulaketiyo yawotchereredwa. Katunduyo amapinda bulaketi ndi mphamvu ya 1,800,000 Nmm (12 kN ndi 12,000 N, kuchulukitsa ndi 150 mm), ndipo vuto lagona pamenepa.

Mizere inali iwiri yoimirira, 100 mm uliwonse, mwendo wake (kunenepa kwa mzere poyeza mbali yogunda chitsulo) 4 mm. Chimene chimanyamula katundu ndi khosi la mzere, mwendo kuchulukitsa ndi 0.7, ndiye 2.8 mm basi. Kuti tidziwe mmene mizere iwiri yoimirira ingapirire kupinda: kuchulukitsa 100 ndi 100, kugawa ndi 3, kuchulukitsanso ndi 2.8, timapeza 9,333. Kugawa mphamvu yopinda ija ndi nambalayi kukupereka 193 MPa (muyeso wa mphamvu yogwera pa mm² iliyonse ya mzere), pomwe mzere wowotcherera ndi ndodo za mtundu wa E6013 usamapitirire 124 MPa.

Ndinapala mzere wakale wonse ndi gilaindala (kuwotcherera pamwamba pa mng'alu kumangoubisa), n'kuika chitsulo chachitali, mizere ya 150 mm, mwendo 6 mm. Mphamvu yogwera pamzere inatsika kufika 57 MPa, zoyenera mota yonjenjemera. Kutalikitsa kumathandiza kuposa kunenepetsa. Kumtunda kwa mzere musazimitsire ndodo pakona. Zungulirani pang'ono, mudzaze kadzenje komalizira.