Momwe mungadzalire msuku pakhomo panu

Masuku timawadziwa tonse pamene adzaza m'mabeseni m'mbali mwa misewu ya ku Zomba, ku Dedza ndi ku Ntcheu mvula ikamayamba, koma ndi ochepa mwa ife amene anaonapo msuku wochita kudzalidwa ndi munthu. Timauyesa mtengo wa m'phiri umene umangodzimerera, ndipo n'chifukwa chake pamene owotcha makala akuugwetsa, palibe akuubwezeretsa. Komabe msuku, umene akatswiri amautcha Uapaca kirkiana, umatheka kudzala, kungoti kasamalidwe kake n'kosiyana ndi ka mango kapena papaya.

Ntchito imayambira pa kulawa. Nyengo ya masuku ikafika, yendani m'nkhalango ndi kuika chizindikiro pa mtengo umene umabala zipatso zikuluzikulu, zotsekemera ndiponso za mnofu wochuluka, chifukwa misuku imasiyana kwambiri ngakhale itamera moyandikana. Tolani masuku amene agwa okha atapsa, osati ochita kugendedwa. Mukadya, tsukani njere zake, zimene zimakhala zitatu kapena zinayi m'chipatso chimodzi, mpaka mnofu wonse utachoka, kenako muzifese pasanathe sabata. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amayanika njerezo padzuwa n'kuzisunga m'chitini monga amachitira ndi mbewu ya chimanga, osadziwa kuti njere ya msuku ikauma yafa, ndipo ikangokhala masabata ochepa simeranso.

Dothi la m'machubu musalitenge kudimba. Pitani ndi khasu pansi pa msuku waukulu, mupale dothi lapamwamba pamodzi ndi masamba owolerana, ndipo mulisakanize ndi mchenga pang'ono kuti madzi azidutsa. Mizu ya msuku imakhala pa ubale ndi bowa wa m'nthaka amene amaithandiza kuyamwa chakudya, ndiye chifukwa chake amayi odziwa kuzula bowa amayamba kusuzumira m'misuku mvula ikagwa. Mbande yofesedwa m'dothi lopanda bowayo imamera ndithu, koma imakhala yachikasu, imapinimbira, mwinanso kufa miyezi ingapo isanathe. Sankhani machubu aataliko chifukwa muzu wake umalowa pansi msanga, kwirirani njere iliyonse masentimita awiri, ndipo muike machubuwo pamthunzi wa udzu. Thirirani mongonyowetsa, osati kuchita matope. Mufese zambiri kuposa zimene mukufuna, pakuti pa nazale ya misuku sipalephera kufa zina.

Tsono pali chinthu chimene chimagwetsa ulesi aliyense amene sanachidziwe poyamba. Misuku ilipo yaimuna ndi yaikazi, ndipo imene imabala ndi yaikazi yokha. Mbande ikakhala yaing'ono simungaizindikire, choncho mungathe kulera mtengo kwa zaka 10 kapena kuposerapo, n'kudzaona kuti umangochita maluwa osagwira chipatso. Njira yolambalala vutoli ndiyo kumezanitsa (kulumikiza kanthambi ka msuku wobala pa mbande), imene akatswiri a bungwe lofufuza za mitengo ndi ulimi la ICRAF anaiyesa pa malo ofufuzira zaulimi a Makoka ku Zomba, ndipo anapeza kuti msuku womezanitsa umayamba kubala patangopita zaka zochepa.

Dikirani kuti tsinde la mbande linenepe ngati pensulo. Bwererani ku mtengo munauika chizindikiro uja, mudule kanthambi kathanzi kofanana kukula ndi tsindelo, muchotse masamba, ndipo mukakulunge m'kansalu konyowa kuti kafike kunyumba kasanafote. Ndi mpeni wakuthwa komanso woyera, dulani mutu wa mbande ndi kung'amba tsinde pakati, songolani kanthambi kaja mbali ziwiri, mukalowetse mumng'aluwo moti khungwa likumane ndi khungwa linzake. Mangani zolimba ndi kapulasitiki, muvundikire ndi kajumbo kuti chinyezi chisathawe, ndipo mudzachotse kajumboko mphukira zikatuluka. Amene sanamezanitsepo angachite bwino kuitana mlangizi wa zankhalango kuti aone ndi maso kamodzi, chifukwa dzanja likanjenjemera, mabala aja sagwirana. Musamezanitse zonse. Ngati pafupi palibe misuku ya m'tchire, siyani zingapo zikule zokha kuti mwa izo mudzapezeke yaimuna yopereka mungu.

Wokerani mbande mvula ikakhazikika, m'mwezi wa Disembala kapena Januwale, pamalo okwera a dothi lamchenga kapena lansangalabwi, motalikana mamita asanu. Kudambo kumene madzi amadikha sikuyenera msuku. Ng'ambani chubu mosamala kuti dothi lisagumuke, ndipo muthire m'dzenje dothi lina la pansi pa msuku. Mtengowu unazolowera nthaka yosauka, choncho sulira manyowa ambiri. Adani ake enieni ndi mbuzi ndi moto wolusa. Tchingani ndi minga, lambulani udzu mozungulira chilimwe chisanafike, ndipo m'chaka choyamba muzithirira kukatentha kwambiri. Musadabwe kuuona ukukula mwaulesi pa zaka zoyambirira, ndimo ulili.

Ukayamba kubala, lezani mtima mpaka zipatso zizigwa zokha, ndipo muzitola m'mawa uliwonse. Aliyense amene anayendapo m'misuku anaonapo zipsera zakuya pa matsinde, pamene anthu amamenyapo ndi mwala waukulu kuti masuku ayoyoke. Mabala amenewo amawononga khungwa ndi kufooketsa mtengo. Masuku osapsa amene agwa ndi mphepo mungathe kuwavundika m'kadzenje koyalamo masamba kwa masiku angapo, ngakhale kuti kukoma kwake sikufika pa aja opsera mumtengo. Akupsa sakhalitsa, choncho amene simungawadye kapena kuwagulitsa m'masiku awiri kapena atatu, muwafinye pa sefa, muchotse njere ndi makoko, ndipo mnofuwo muuphike ndi shuga kuti ukhale jamu.