Kasamalidwe ka madzi m'thanki yatsopano ya nsomba za m'madzi amchere

Masabata 4 mpaka 6 oyamba, thanki imakhala ikukhwima. Mabakiteriya amamera pamiyala ndi mumchenga, ena nkumasandutsa ammonia (poizoni wochokera ku zinyalala za nsomba ndi zowola) kukhala nitrite, yemwenso ndi poizoni, ena nitrite kukhala nitrate, yemwe saopsa kwambiri. Nthawi imeneyi musathamangire kusintha madzi, chifukwa ammonia ndiye chakudya chawo. Ammoniayo akhale pa 2 ppm (magawo awiri pa miliyoni), madzi atenthe 25 mpaka 26°C, nyali za thanki zikhale zozima kuti ndere zisabuke. Muziyeza pakapita masiku awiri kapena atatu. Ammonia kapena nitrite akadutsa 5 ppm mabakiteriya amafooka, ndiye apo pokha chotsani theka la madzi nkuthiramo atsopano.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa madzi ophwa. Tsiku lililonse madzi amauluka ngati nthunzi, koma mchere suuluka, umatsalira momwemo. Mukabwezeretsa ndi madzi amchere ndiye kuti mukuunjika mchere pamwamba pa unzake, ndipo muyezo wa mchere m'madzi (specific gravity), woyenera kukhala 1.025, umakwera mwakachetechete mpaka 1.030 inu osadziwa. Mubwezeretse ndi madzi opanda mchere a RO/DI basi (osefedwa ndi makina ochotsa mchere ndi zina zonse zosungunuka). Matani katepi pagalasi pamene madzi alekezera tsiku loyamba, ndipo madzulo alionse muzithira pang'onopang'ono mpaka afike pamzerepo. Musadikire sabata yathunthu, chifukwa mchere ukatsika mwadzidzidzi zamoyo zili pamiyala zimavutika. Madzi apampopi ayi ndithu: klorini amapha mabakiteriya amene mukuwalera.

Choyezera mchere chotchipa chija chapulasitiki, chokhala ndi kamuvi, chimanama kathovu kakangomatirira pakamuvipo. Gulani refractometer, choyezera mchere chogwiritsa ntchito kuwala, ndipo muziikonza kuti iziwerenga molondola ndi madzi oyezera a 35 ppt (magawo 35 a mchere pa 1,000). Ogulitsa madzi a RO enanso sasintha zosefera zawo pa nthawi yake, choncho pimani TDS (kuchuluka kwa zinthu zosungunuka m'madzi) musanalipire. Iwerenge 0 kapena pafupi pomwepo.

Mukathira ammonia wa 2 ppm nkupeza kuti pakutha maola 24 iye ndi nitrite yemwe ali pa 0, thanki yakhwima. Tsopano sinthani madzi okwana 30 mpaka 50 peresenti kuti nitrate atsike. Sakanizirani madzi atsopanowo ndi mchere m'chidebe chapadera, pafupifupi magalamu 35 pa lita, mchere uzipita m'madzi osati madzi pamchere. Pampu izungulitse usiku wonse, kutentha ndi mchere zifanane ndi za m'thanki. Siponji ya chosefera muitsukire m'madzi akale omwe mwachotsawo.

Kenako muzisintha madzi okwana 10 peresenti pa sabata, ndipo nsomba zilowe imodzi kapena ziwiri nthawi imodzi.