Wikendi ku York, pangani chonchi

Achimwene mwafunsa zokacheza ku York, mzinda wa ku England, wikendi kuchokera ku London. Choyamba gulani tikiti ya sitima msanga, imanyamukira pa King's Cross, ndi maola 2 basi koma mukagula mochedwa mtengo umakwera zedi. Pogona pezani m'kati mwa mpanda wakale wozungulira mzindawo kuti muzingoyenda wapansi.

Loweruka yendani pamwamba pa khoma lozungulira mzinda, ndi zaulere, makilomita opitirira 3, kenako York Minster, tchalitchi chija anachimaliza mu 1472, apa ndiye musathamange chonde, mawindo ake agalasi lamitundumitundu ndi okongola kwabasi, khalani pansi muyang'ane.

Lamulungu lawirirani ku Shambles anthu asanadzaze, kamsewu kake nkopanikiza. Kenako Clifford's Tower, nsanja yakale ya pakaphiri, nkubwerera. Jekete yamvula musaiwale.