Turbo ikatsekeka ndi mwaye, musathamangire kugula ina

Dandaulo limene ndimamva kawirikawiri kwa eni galimoto za dizilo ndi ili: "Bwana, galimoto yanga yafooka. Pamalo osalala ikuyenda bwinobwino, koma ikangoona chitunda ikuchita ngati munthu waigwira kumbuyo." Ena amawonjezera kuti kanyali ka injini kakuyaka pa dashibodi, ndipo akaima n'kuzimitsa injini, n'kuilizanso, mphamvu zimabwerera mpaka pa chitunda china. Akafika ku galaja yankho limakhala lachidule: turbo yatha, gulani ina. Nthawi zina n'zoona. Koma kambiri turbo imene akuiimbira nyimbo ya maliroyo imakhala ili moyo, yangomangika ndi mwaye.

Amene munaonapo mmisiri wosula makasu mukudziwa ntchito ya mvukuto: moto umafuna mpweya. Turbo ndi mvukuto wa injini. M'kati mwake muli mafani awiri olumikizidwa pa shafiti imodzi. Utsi wotuluka mu injini umazunguza fani yoyamba, ndipo fani yachiwiri imakoka mpweya kuchokera ku fyuluta n'kuukankhira m'masilinda. Mpweya ukachuluka dizilo amapsa bwino, galimoto n'kukhala ndi mphamvu. Nzeru imeneyi si ya dzulo, analembetsa ndi katswiri wa ku Switzerland, Alfred Büchi, mu 1905. Chimene anthu ambiri sadziwa ndi liwiro lake. Injini yanu ikamazungulira maulendo 2,500 pa mphindi, shafiti ya turbo imatha kupitirira maulendo 100,000 pa mphindi yomweyo, uku mbali ya ku utsi ikutentha kupitirira madigiri 600. Chimene chimaisunga ndi kaoyilo kochepa kamene shafitiyo imayandamapo.

Nanga mwaye umatseka pati? Galimoto zambiri za dizilo za masiku ano, monga Toyota Hilux ya injini ya 3.0 D-4D, Ford Ranger ya 2.2 ndi 3.2, kapena Volkswagen za TDI, zili ndi turbo yokhala ndi tizitseko tating'ono tozungulira fani ya ku utsi. Amakaniko amaitcha VNT kapena VGT. Tizitseko timeneti timachita zimene mumachita inu pothirira m'dimba ndi paipi: mukatsinira kukamwa kwa paipi ndi chala, madzi amatuluka mwamphamvu n'kufika patali. Injini ikamayenda pang'onopang'ono tizitseko timatsinira utsi kuti fani izungulire msanga. Injini ikayamba kuthamanga kwambiri timatseguka kuti mphamvu isapyole muyeso. Tonse timayendetsedwa ndi mphete imodzi yachitsulo, ndipo mpheteyo imakokedwa ndi kachida ka kunja kotchedwa actuator, kamene pa galimoto zina kamayendera vakyumu, pa zina kamota ka magetsi. Mwaye ukaunjikana pansi pa mpheteyo n'kuuma ngati makala, tizitseko timakakamira pamodzi. Tikakakamira totseguka, galimoto imanyamuka ngati yodwala. Tikakakamira totsinira, mpweya umachulukitsa, kompyuta ya galimoto imachita mantha n'kudula mphamvu kuti injini isaonongeke. Ndi zimene zija mumaona pa chitunda, kenako n'kuchira mukazimitsa.

Mwaye sugwa kumwamba. Timauweta tokha ndi kayendetsedwe kathu. Dizilo imafuna kutentha ndi ntchito, koma galimoto zathu zambiri za m'tauni zimangochoka ku Area 25 kupita ku City Centre, kapena kukwawa pa mzere wa pa Masauko Chipembere Highway m'mawa ndi madzulo, injini osafika potentha mokwanira. Palinso chizolowezi cha pa depoti, chosiya minibasi ikulira ola lathunthu kuti okwera aganize kuti ikunyamuka pompano. Ndiye pali anzathu osunga mafuta, amene amalowetsa giya faivi galimoto isanathamange n'komwe, injini ikuchita kunjenjemera. Amaona ngati akupulumutsa ndalama, koma tizitseko tija sitikuyenda mpata wake wonse, ndipo chitseko chosatsegulidwa mahinjesi ake amadya dzimbiri. Pamwamba pa izi onjezani fyuluta ya mpweya yodzaza fumbi la m'chilimwe, valavu ya EGR imene imabwezera utsi wina mu injini itakakamira yotseguka, ndi ma injector (timipopi topopera dizilo m'masilinda) otopa. Mafuta a m'zigubu amene timagula pa nthawi ya kusowa kwa mafuta ndi amene amapha ma injector kwambiri, chifukwa simudziwa ngati muli madzi, parafini kapena litsiro la m'chigubumo.

Musanamasule bawuti ndi imodzi yomwe, fufuzani. Ndikunena izi chifukwa cha pikapu ina imene mwini wake anali atasonkha kale ndalama zogulira turbo. Titatsegula boneti injini ikulira, mnyamata wothandiza anaponda moto, ndipo tinamva kuti "fyuuu" cha kumunsi kwa rediyeta. Paipi ya labala yochokera ku intercooler, chida choziziritsa mpweya wochokera ku turbo, inali itang'ambika kunsi kwake, mng'alu wotalika ngati chala, wonyowa ndi oyilo wakuda amene anali atakola fumbi. Mpweya umene turbo inkavutika kupopa unkathera panja. Paipi ndi makilipi awiri, basi, galimoto inakwera phiri tsiku lomwelo. Choncho yambani ndi zotchipa. Gwirani mapaipi onse a mpweya, muwapinde pang'ono kuti ming'alu ionekere. Onani timapaipi ta vakyumu, timauma ndi kutentha n'kuthetheka. Tulutsani fyuluta ya mpweya muiyang'anitse pa dzuwa. Kenako pezani makaniko amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto, amene amaonetsa nambala ya vuto. Nambala ya P0299 imatanthauza kuti mpweya wa turbo ukuchepa, P0234 imatanthauza kuti ukuchulukitsa. Nambalayo ikulozerani kolowera chabe, siinena kuti turbo yafa.

Injini itazizira, chotsani paipi yaikulu yolowetsa mpweya mu turbo, mugwire kansonga ka shafiti ndi zala ziwiri. Kugwedera pang'ono cha m'mbali si vuto, bola mapiko a fani asakhudze khoma. Koma ikamalowa ndi kutuluka mukaikoka, kapena mapiko ali obenthuka, kapena khoma lili ndi mikwingwirima, imeneyo si nkhani yotsukanso ayi. Utsi nawo umalankhula. Wakuda ukunena kuti mpweya ukuchepa kapena dizilo akuchuluka. Wobiriwira ngati mtambo, wonunkha oyilo, ukunena kuti oyilo akupsa. Turbo ikamalira ngati ambulansi, ndiye kuti mapiko kapena mabeyaringi apita. Pomaliza yesani kamkono kamene actuator imakoka. Mukakamasula ku actuator kayenera kuyenda mofewa ndi chala chimodzi kuchoka uku kufika uko. Kakamagwira pakati, kapena mukamva ngati muli mchenga, mwaupeza mwaye uja.

Ngati vuto langoyamba kumene, mankhwala oyamba ndi msewu. Onetsetsani kuti oyilo ndi madzi zili pa muyeso, yendani modekha mpaka injini itenthe bwino, kenako pa msewu wotakasuka ngati wa ku Zalewa kapena wa Lilongwe kupita ku Kasungu, sungani injini ikuzungulira maulendo a pakati pa 2,500 ndi 3,000 pa mphindi, kwa mphindi 20 kapena 30. Sindikuti muthamange mopyola malamulo, apolisi a pamsewu asadzati ndinakutumani ndine. Tsitsani giya, liwiro likhale lomwelo. Muziponda moto n'kusiya, kuponda n'kusiya, kuti tizitseko tiyende mpata wake wonse. Kumbuyo kukatuluka chiutsi chakuda kamodzi kapena kawiri musadabwe. Galimoto zokhala ndi sefa ya mwaye ku ekizozi, imene amaitcha DPF, monga Mazda CX-5 za dizilo zimene zikubwera kuchokera ku Japan, ulendo wotere zimaufuna kawirikawiri, chifukwa sefayo imadziwotcha yokha pokhapokha utsi utatentha kwa nthawi.

Za mankhwala a m'mabotolo othira mu thanki, maganizo anga ndi akuti amathandiza kutsuka ma injector ndi kuchepetsa mwaye watsopano, koma makala amene auma kale pa mphete sangawasunthe. Opopera ku paipi ya mpweya injini ikulira ndimawaopa m'manja mwa munthu wosazolowera. Injini ya dizilo imapsereza chilichonse chimene chalowa ndi mpweya, ndipo mukapopera mopyola imatha kuthamanga yokha, kapena madziwo n'kudzaza silinda n'kupinda chitsulo cha pisitoni. Enanso amathira mankhwala otsukira uvuni ku mbali ya ekizozi. Amadyadi mwaye, koma ali ndi soda amene amadyanso aluminiyamu, ndipo pa galimoto ya DPF zonyansa zonsezo zimakathera mu sefa.

Njira yodalirika ndi kuitsitsa turbo n'kuitsuka pa tebulo. Ntchito yake si ya changu. Chotsani waya wa batire. Mabawuti a ku ekizozi athireni mafuta ofewetsa dzimbiri madzulo kuti mudzamasule m'mawa, chifukwa bawuti ikathyokera m'kati tsiku lonse lapita. Mukamasula mapaipi a oyilo, tsekani mabowo ake ndi kansalu koyera kapena pulasitiki, kamchenga kamodzi kakwanira kukanda beyaringi. Musanalekanitse chigoba cha ku utsi ndi thupi la pakati, lembani chizindikiro ndi chitsulo chakuthwa kuti podzabwezera zidzakumane momwe zinalili. Chigobacho chimakakamira, chigogodeni pang'onopang'ono mozungulira ndi hamala yofewa, ndipo chituluke molunjika kuti chisapinde mapiko a fani. Chikatseguka, musanakhudze kanthu, jambulani ndi foni. Mudzandithokoza pobwezera, chifukwa mphete ija ili ndi malo ake amodzi okumana ndi kamkono, ndipo pali timagudumu ting'onoting'ono timene timakonda kugwera pansi n'kusowa m'fumbi.

Mudzaona mwaye wouma, wina wakuda bii, wina wofiirira wosakanikirana ndi dzimbiri. Viikani mphete ndi mbali ya tizitseko m'mankhwala osungunula mwaye, kapena m'dizilo ngati palibe china, kwa maola angapo. Kwechani ndi burashi ya waya wofewa wamkuwa, makamaka pamene mphete imatsetsereka ndi pamene tizitseko timazungulira. Thupi la pakati lokhala ndi mabeyaringi musaliviike. Mukaumitsa, yendetsani mphete ndi chala, tizitseko tonse titseguke ndi kutsekeka limodzi popanda kogwira. Musapake girisi. Ndikudziwa kuti dzanja la makaniko limayabwa likaona chitsulo chouma, koma pa moto wa pamenepo girisi amapsa n'kusanduka makala omwe mwangochotsawo.

Zinthu ziwiri musazikhudze. Choyamba ndi nati yogwira fani ya mpweya pa shafiti. Shafiti ndi mafani ake anaziyeza pa makina ku fakitale kuti zisalemere mbali imodzi, ndipo pa liwiro lija kulakwitsa kosaoneka ndi maso kumaphwanya turbo m'masiku ochepa. Chachiwiri ndi kasikuluwu koimitsa kamkono ndi utali wa ndodo ya actuator. Amakaniko ena amapotokola pamenepa kuti galimoto "ikoke", ndipo imakokadi sabata imodzi, kenako kanyali kaja n'kubwerera.

Turbo yoyera yoikidwa pa injini yakuda siichedwa kudanso. Popeza mwamasula kale, tsukani valavu ya EGR ndi njira yolowera mpweya mu injini, mmene mumakhala phala lakuda la mwaye wosakanikirana ndi oyilo. Khuthulani intercooler. Kaoyilo konyowetsa makoma n'kachibadwa, koma mukatuluka wodzaza kapu, funsani kumene akuchokera. Yang'anani paipi yobweretsa oyilo ku turbo, imadutsa pafupi ndi moto ndipo oyilo amapserera m'kati mwake mpaka njira kuchepa. Ikakhala yokayikitsa gulani ina, ndi yotchipa kuyerekeza ndi turbo. Ikani magasiketi atsopano, ndipo pa mapaipi a oyilo musapake silikoni, zidutswa zake zimakatseka njira. Sinthani oyilo ndi fyuluta yake. Musanamange paipi yobweretsa oyilo ija, thirani oyilo woyera pa bowo la turbo n'kuzunguza fani ndi chala. Mukaliza injini isiyeni ilire yokha mphindi zingapo osaponda moto, uku mukuyang'ana ngati pali podontha.

Pali ngozi imodzi imene dalaivala aliyense wa dizilo ayenera kuidziwa. Turbo yotha ikayamba kutayira oyilo wambiri ku mbali ya mpweya, injini imatha kuyamba kumwa oyilo wake womwe ngati mafuta. Imakuwa mopyola, chiutsi chili tolotolo, ndipo ngakhale muchotse kiyi siizima. Ngati galimoto ndi ya magiya a pamanja, pondani buleki mwamphamvu, lowetsani giya yapamwamba, n'kusiya kalachi kuti injini izime. Ngati ndi ya otomatiki, njira ndi kutseka polowera mpweya ndi chinthu cholimba ngati thabwa, osati dzanja, ndipo ngati simungafikepo bwino tulutsani anthu muime patali.

Za tsiku ndi tsiku ndi zazifupi. M'mawa lizani injini, dikirani theka la mphindi kuti oyilo afike ku turbo, ndipo makilomita oyamba yendani modekha. Mukakwera Chiweta kapena Khwekhwerere ndi katundu, musazimitse pomwepo mutangoima kuti mugule chimanga chootcha. Isiyeni ilire mphindi imodzi kapena ziwiri, apo ayi oyilo amaima pa shafiti yotentha n'kupserera. Buku la galimoto likhoza kunena makilomita 10,000 kapena kuposa pakati pa kusintha oyilo, koma mabuku omwewo amafupikitsa mtundawo pa misewu ya fumbi ndi maulendo afupiafupi, choncho ine ndimalangiza 5,000. Galimoto ya DPF imafuna oyilo wosasiya phulusa lambiri, wa gulu la ACEA C limene buku lake latchula, osati uja woyeza ndi botolo pa msika. Fyuluta ya mpweya muziiona mwezi ndi mwezi kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ndipo poibwezera onetsetsani kuti labala wa m'mphepete mwake wakhala bwino m'bokosi. Mukapeza fumbi mbali ya m'kati, yopita ku turbo, ndiye kuti pali pamene likudutsa, ndipo mupapeze musanayendenso ulendo wina.