Kiyibodi ya mechanical yogula yathunthu: zoti mudziwe kuti ikhalitse

Ambiri a ife amene tili kunja kuno timakhala pa kompyuta nthawi yaitali kuposa mmene tinkaganizira tisananyamuke. Wina akulemba za kusukulu, wina akuyankha makasitomala ali m'chipinda chake chogona, usiku ukafika tebulo lomwelo n'kusanduka bwalo la magemu. Zala zikatopa ndi timabatani tophwatalala ta laputopu, munthu amayamba kusirira kiyibodi ya mechanical. Imeneyi batani lililonse limakhala ndi swichi yakeyake yokhala ndi sipuling'i, pamene zawamba zija mabatani onse amatsamira pa chinsalu chimodzi cha labala. Alipo anthu amene amagula zigawo padera n'kumalumikiza okha. Ine ndinagula yathunthu, yongotulutsa m'katoni, ndipo ndakhala nayo zaka 5, masana ntchito, usiku magemu. Ndaona kuti kiyibodi yokhalitsa ndi imene kachigawo kamodzi kakafa mungathe kusintha kokhako osataya yonse. Nyale zamitundumitundu zija zimangokopa maso.

Musanayang'ane china chilichonse, onani kayalidwe ka mabatani, chifukwa mayiko amasiyana. Ku America, ndiponso m'masitolo ambiri a ku South Africa, mupeza kayalidwe ka ANSI, kamene batani la Enter ndi lalitali chopingasa ndipo kiyibodi yonse imakhala ndi mabatani 104. Ku UK ndi ku Ulaya n'kofala ka ISO, ka mabatani 105, Enter wake wamkulu wotsika mizere iwiri, Shift wakumanzere wamfupi. Ya ku UK chizindikiro cha @ chili pafupi ndi Enter, pamene ya ku America chili pa 2. Ku Germany Z ndi Y anasinthana malo, ndipo ya ku France imayamba ndi AZERTY. Zilembozi mungazisinthe m'kompyuta momwemo, koma maonekedwe a Enter ndi Shift simungawasinthe, ndipo zala zimene zinazolowera Shift wamtali zimavutika milungu ingapo. Ngati kuntchito anakupatsani laputopu ya ISO, gulani ISO kuti zala zisamasokonezeke m'mawa uliwonse. Ngati mukuganiza zodzasamukanso, kumbukirani kuti tizipewa (tizivundikiro tapulasitiki tolembedwa zilembo) ta mabatani a ANSI timapezeka mosavuta kulikonse.

Kenako maswichi. Ambiri amatsatira kapangidwe ka MX ka kampani ya ku Germany ya Cherry, kamene kanatuluka m'zaka za m'ma 1980, ndipo makampani monga Gateron ndi Kailh amapanga ofanana nawo. Maswichiwa amadziwika ndi mitundu yake: ofiira amatsika mosalala osagunda paliponse, n'chifukwa chake osewera magemu amawakonda. Abulawuni ali ndi kamfundo kamene chala chimakamva batani likagwira. Abuluu amalira kuti tcha tcha tcha. Onse atatu amatsika pafupifupi mamilimita 4 ndipo amagwira chapakatikati pa mtunda umenewu. Kwa munthu wofuna kiyibodi imodzi ya zonse, abulawuni kapena ofiira ndi abwino. Abuluu ndimawakonda kumva kwake, koma ngati mukubwereka nyumba ndi anzanu, wina akugwira ntchito usiku n'kumagona masana, maswichi amenewa adzakudanitsani ndi anthu. Pa misonkhano ya pa Zoom maikolofoni amawatola bwino kwambiri, mwina kuposa mawu anu.

Cherry imanena kuti maswichi ake amapirira kudinidwa ka 50 miliyoni, ena ka 100 miliyoni. Chiwerengerochi chimatengedwa m'chipinda choyesera, mmene mulibe fumbi, tsitsi, kapena madzi otayika. Panyumba zimakhala zina. Yanga itakwanitsa zaka 3, batani la E linayamba kulemba kawiri ndikadina kamodzi. Ndinkadziimba mlandu kuti ndikufulumira, mpaka nditaona kuti vuto lili pa chilembo chimodzi chokhacho. Tizitsulo ta m'kati mwa swichi tikada kapena kutha, timagundana modumphadumpha ndipo kompyuta imawerenga ngati mwadina kawiri. Mabatani amene amayamba kudwala chonchi ndi omwe amagwira ntchito kwambiri, monga W, A, S, D kwa osewera ndi E kwa olemba.

Apa ndi pamene mawu akuti hot-swap, olembedwa pa katoni, amakhala ofunika. Amatanthauza kuti swichi inangolowetsedwa m'timabowo ndipo mungaizule ndi kachitsulo kozulira n'kuikamo ina m'mphindi imodzi. Kiyibodi imene ilibe zimenezi maswichi ake anawotchereredwa ku bolodi, ndiye kusintha imodzi kumafuna kumasula kiyibodi yonse ndi kukhala ndi chowotcherera, kapena kufunafuna wokonza, amene kunja kuno sapezeka pakona paliponse. Yanga ndi ya hot-swap, choncho ndinangozula swichi ya Scroll Lock, batani limene sindinalidinepo chigulireni, n'kuika pa E, matenda n'kutha. Posintha, chotsani kaye chingwe, onetsetsani kuti timiyendo tiwiri tachitsulo ta swichi n'towongoka, ndipo musakakamize. Kamwendo kopindika kakhoza kukankha soketi n'kuithothola kuseri kwa bolodi, ndipo pamenepo chowotcherera chija chimafunikabe. Pogula maswichi apadera onaninso ngati bolodi yanu imalandira a miyendo 5 kapena 3 yokha.

Chingwe chikhale chochotseka, cha USB-C. Zingwe zimathyokera m'kati pafupi ndi polowera, makamaka ngati kiyibodi imayenda m'chikwama, ndipo n'zopweteka kutaya kiyibodi yabwinobwino chifukwa cha chingwe chomatirira.

Tizipewa ta mabatani nato timakalamba. Ta pulasitiki ya ABS timayamba kunyezimira ndi kuterera pamene zala zimakhudza kwambiri, ndipo ngati zilembo zinangodindidwa pamwamba zimafufutika. Ta PBT timachedwa kutha. Mukaona mawu akuti double-shot, dziwani kuti chilembocho ndi pulasitiki ina youmbidwira m'kati, sichingafufutike. Ubwino wake tizipewa timasinthika, bola swichi ikhale ndi kamutu kooneka ngati mtanda ka MX. Chenjerani ndi makiyibodi ena a magemu amene mzere wawo wapansi uli ndi mabatani a misinkhu yachilendo, kapena maswichi a kampani yokhayo, monga Romer-G a Logitech. Amenewa tizipewa tawamba sitikwanapo.

Kusamala kwake si kovuta. Mlungu uliwonse itembenuzeni n'kuigwedeza pang'ono, mupukute ndi kansalu konyowa pang'ono. Miyezi ingapo ikapita, ijambuleni kaye ndi foni kuti musaiwale malo a mabatani, zulani tizipewa tonse, mutiviike m'madzi ofunda a sopo, osati otentha chifukwa pulasitiki imapindika. Tiume usiku wonse. Madzi amabisala m'kamtanda ka pansi, ndipo mukabwezera tisanaume amatsikira m'swichi. Bolodi yokhayo isesedwe ndi kaburashi kouma. Mabatani aatali monga Space ndi Enter ali ndi kawaya kowachirikiza, ndipo akayamba kuchita phokoso la gwedegwede ndi kawayako kauma. Kadontho ka girisi wa dielectric (wosadutsa magetsi) kumapeto kwa waya kamathetsa phokosolo. Chakumwa chikatayikira, zulani chingwe nthawi yomweyo, izimitseni ngati ili ndi batire, itembenuzeni, ndipo muisiye masiku angapo. Musailumikize msanga kuti muone ngati ikugwira, popeza magetsi akakumana ndi chinyezi ndi pamene bolodi imapsa.

Za kukula, ine ndimakonda ya mabatani 87, yopanda manambala a kumanja. Imasiyira mbewa malo pa tebulo laling'ono ndipo phewa silitambasuka kwambiri. Koma amene ntchito yawo ndi manambala mu Excel tsiku lonse adzawasowa mabatani aja. Tating'ono kwambiri ta mabatani 61 n'tokongola, kungoti mivi ndi mzere wa F zimabisika pansi pa batani la Fn, zimene zimatopetsa pa ntchito. Pa magemu, chingwe kapena kadongo ka 2.4 GHz (dongle, kachipangizo kolowetsa pa USB kolumikiza kiyibodi popanda chingwe) n'kofulumira kuposa Bluetooth. Bluetooth ndi wabwino posinthasintha pakati pa laputopu ya ntchito ndi kompyuta yanu. Ndiponso makompyuta ambiri a ntchito salola kuikamo mapulogalamu, choncho sankhani kiyibodi imene imasunga zimene mwasintha m'kati mwake momwemo, monga za QMK ndi VIA (mapulogalamu osinthira ntchito za mabatani) zimene kampani ya Keychron ndi ena amagulitsa.

Kwa amene mumalemba Chichewa chokhala ndi ŵ, palibe kiyibodi imene muipeze ndi batani lake. Mu Word lembani 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi. Pa Windows, kayalidwe ka United Kingdom Extended kamatulutsa chilembochi mukadina AltGr (batani la Alt lakumanja) ndi 6, kenako w, chifukwa chinenero cha ku Wales nachonso chimachigwiritsa ntchito.

Sungani lisiti, ngakhale chithunzi chake pa foni. M'mayiko a European Union lamulo limapereka chitsimikizo cha zaka 2 pa katundu watsopano, ndipo ku South Africa lamulo loteteza ogula limalola kubweza katundu wolakwika m'miyezi 6. Mukaitanitsa kuchokera kudziko lina, kubweza kumavuta ndipo nthawi zina mtengo wotumizira umakhala wanu, choncho yesani batani lililonse m'masiku oyambirira. Katoni yake musataye ngati muli ndi poika, popeza ife kusamuka sikutitalikira. Ponyamula, chotsani chingwe, kadongo mukaike m'malo mwake kapena mukamate ndi tepi kuseri, ndipo ngati mukukwera ndege kiyibodi ya batire ikhale yozimitsa, m'chikwama cha m'manja.